Thumba Lolendewera Pabedi

Lolemba, 9 Juni
Mawa opaleshoni ya matumbo. Kumwa andiletsa, akuti madzi azilowera pamkono, diripi. Ine mmisiri, zaka makumi anayi ndikuyeza madzi a simenti ndi diso, lero kamtsikana ka yunifolomu kandiphunzitse za madzi! Sukulu sindinapondeko, zilembozi ndinazitola pa matumba a simenti, koma madzi ndimawadziwa.

Lachinayi, 12 Juni
Ndili moyo! Ndayenda mpaka pakhomo, ndekha. Chondinyansa chimodzi: kapaipi ka mkodzo ndi thumba lake lolendewera pabedi, poyerayera. Wondidikirira ndi mkazi wa mwana wanga. Mpongozi aziona mkodzo wanga? Ayi ndithu. Thumbalo lili ndi kampopi kunsi. Iye akangotuluka, ine kuchimbudzi, khuthu! Katatu lero. Nzeru zopanda sukulu.

Lachisanu, 13 Juni
Anamwino angoti maso tong'o pathumba. Adokotala akuti mkodzo wachepa, thupi lauma, awonjezera madiripi. Ine kukhuthula sindinaleke. Mapazi ngati mapilo. Mphete yathina. Ndikagona chagada mpweya ukuperewera.

Loweruka, 14 Juni
Wandigwira ndi mpongozi yemweyo, kampopi kali m'manja. Wagwada. "Bambo, muli chikomokere ndinakupukutani zoposa izi." Ndinasowa poyang'ana.
Ndaulula. Adokotala sanakalipe. Angondifunsa kuti simenti ikachuluka madzi imatani. Ndati imang'aluka. Akuti nanenso chimodzimodzi: zolowa ndi zotuluka amaziyeza kuti zilingane, zikasiyana ngakhale mchere wa m'magazi umasokonekera, mtima nkumaphonya. Ndiye ine ndimaba muyezo pa ntchito ya eni ake! Wondichita zimenezo pantchito yanga ndikanamuthamangitsa tsiku lomwelo.
Diripi achepetsa, andibaya jakisoni wokodzetsa, atenganso magazi.

Lachiwiri, 17 Juni
Akakolo aonekanso! Mchere wabwerera m'malo. Kapaipi achotsa, andipatsa jagi ya mizere yokodzeramo, woyeza ndine mwini. Makapu asanu ndi limodzi alowa, ndalemba. Mkulu wa bedi loyandikana amangomwa osawerenga, ndamukalipira. Akunditcha kapitawo. Muyezo ukakhala bwino mpaka mawa, kunyumba.

Lachitatu, 18 Juni
Jagi yadzadza bwino, koma timizere tating'ono, maso akukana. Anamwino ali kutali, adokotala atsala mabedi atatu kuti afike.
Ndainyamula m'mwamba, kuwala kwa pawindo, wodi yonse ikuona. Ndaitana mpongozi: mayi, tabwerani mundiwerengere.