Matenda a Esinati Aphunzira Kulavula

Amayi, kodi mukudzuka bwanji kumeneko?

Chaka chino ndi chachitatu chikuikireni ku manda a Chingwere. Kuno ku Chawama madzi amvula analowanso m'nyumba, koma khoma munkaliopa lija silinagwe. Mpongozi wanu anachira mu Febuluwale, mwana wamkazi, tamutcha dzina lanu. Chimanga chakuseri kwa nyumba tinangolawa chowotcha, chotsalacho mbava zinatikololera.

Ntchito inatha. Fakitale ya boma ya mankhwala ija, momwe ndinkatsuka migolo ya ufa wopangira mapiritsi, anaigulitsa. Ogulawo anazula makina, pano muli mabelo a salaula, zovala zakale zochokera kunja. Munkati, "Ntchito ya boma ndi mwala." Mwalawo unagulitsidwa, Amayi.

Koma chandigwiritsa cholembera ndi Esinati, chitsirizira chanu. Khansa ya m'bere yomwe anamupeza nayo chaka chatha yabweranso. Poyamba mankhwala a m'diripi ankagwira. Tsitsi linathothoka, inde, koma chotupa chinaphwa, mpaka anabwerera pa kantemba kake kukagulitsa tomato. Tsopano mankhwala omwewo akungomusanzitsa, chotupa chikukula. Adokotala anandikhazika pansi n'kundiuza kuti matendawa aphunzira kulavula mankhwala asanagwire ntchito. Akuti kumayiko akunja akupanga mankhwala ena oti azikakamiza matendawo kumeza, koma akadawayesabe, ndipo sadziwa chaka chomwe adzafike kuno.

Ndinakumbukira momwe munkamutsinira mphuno Esinati ali mwana kuti ameze kolokwini, uku mukuti, "Chowawa ndicho chichiza." Anzathu akunjawo akusula zala zotsinira. Ife tinagulitsa ndi migolo yomwe.

Lamulungu amalume, alongo anu, anabwera kuchokera ku Mandevu. Atapemphera anandikokera panja. Akuti kumudzi akutinenabe chifukwa inu tinakuikani m'tauni ngati mlendo, ndiye safuna manyazi achiwiri. Akuti timukweze Esinati basi ya kumudzi ku Katete akadali wokhoza kukhala tsonga, poti wamoyo amalipira mpando umodzi koma mtembo umafuna galimoto yonse. Kumudziko Esinati sanapondeko chibadwire, ndipo kulibe ngakhale diripi.

Khoma lathu n'lopyapyala, Esinati anamva zonse. Amalume atapita, ndinamupeza akupinda zitenje zake pang'onopang'ono, kuika m'chikwama. Anandifunsa ngati basiyo imaima m'njira munthu akafuna kusanza. Ndinam'landa chikwamacho, ndinakhuthula zonse pabedi.

Ndiye ndikukulonjezani, basi imeneyo sakwera. Amalume anene zomwe anganene. Ndidzamuperekeza kuchipatala tsiku lililonse lomwe amulembera, ngakhale pa wilibala, mankhwala atsopanowo afike kapena asafike. Koma akandipulumuka n'kufika kwanuko, mumulandire bwino. Musamutsine mphuno, Amayi. Wameza zokwanira.

Ndine mwana wanu amene sanaleke kukukondani,
Yotamu