Chitsamba cha Malemu Bwana

Lolemba, 7 Okutobala 2019

Chitsamba cha m'thanki ya nsomba chikufa. Chikafa, ntchito yandithera, ine ndi mwana wanga Maluwa tituluka m'kachipinda ka kuseri. Ndiye tilowera kuti? Kwa mwamuna wanga Lyford ku Lirangwe sindibwererako. Dzino limene anandigulula lija silimeranso.

Madamu, a Tahira, ali ku Lilongwe kwa mwana wawo amene wangobereka kumene. Ponyamuka anandigwira mkono. "Ellen, nsomba zikafa tigula zina. Koma chitsamba cha java ichi anamanga ndi malemu bwana wako, ndi manja awo." Lero masamba atatu ada bii. Ena alefuka ngati pepala lonyowa.

Lachiwiri, 8 Okutobala

Ndilembe zoona, buku ili saliwerenga munthu. Ndine ndinalakwa.

Chitsambacho chinali chomangirira pa chikuni ndi ulusi wakuda, mizu ili pamtunda, ikungolendewera m'madzi. Sabata yatha ndikupukuta galasi chinandimvetsa chisoni. Mbewu iti imakhala osakwirira? Ndinati mwina bwana anadwala asanamalize kudzala. Ndinadula ulusi, ndinakumba mumchenga wa pansi, ndinakwirira bwinobwino n'kutsendera ngati mbatata. Ndimati madamu akadzabwera adzandiyamika.

Ulusi uja ndinatayira kudzala. Unapsa ndi zinyalala.

Lachitatu, 9 Okutobala

Kutentha koopsa. Ndatsegula makatani kuti chione dzuwa. Madzulo galasi layamba ndere, chitsamba osasintha.

Stella, wantchito wa nyumba ya pafupi, anasuzumira. Akuti, "Thiramo kafeteleza, mwali, chidzuka." Ndati ukufuna ndiphe ndi nsomba zomwe? Waseka mpaka kugwira khoma. Iye aseke, ali ndi kwawo.

Maluwa akumera mano, kulira tsiku lonse. Amangotonthola ndikamuyimika pathanki. Amamenya galasi, "Somba, somba."

Lachinayi, 10 Okutobala

Madamu ayimba foni. Ndati zonse zili bwino. Chakudya chandikanika.

Lachisanu, 11 Okutobala

Kuseri kwa kalendala ndapeza nambala, dzanja la bwana: Mackson wa nsomba, Limbe. Ndinafulasha kawiri, anayimba okha.

Nditafotokoza anati, "Mwati munatani? Munakwirira? Mayi, si chinangwa chimenecho!"

Akuti tsinde lake lokwawa lija, looneka ngati jinja, limafuna kukhala pamtunda madzi azilizungulira. Ukalikwirira limaola. Dzuwanso sichifuna, nditseke makatani. Ndizule msanga, ndidule poola ponse, chotsala ndimangirire pa chikuni.

Ndinayamba kulira pafoni. Anati, "Musalire, a mai a mwana. Lamulungu ndibweretsa china chachikulu, timangepo. A Tahira sadziwa."

Ndavomera.

Loweruka, 12 Okutobala

Ndazula. Fungo lake! Tsinde lafewa ngati nthochi yoola. Ndinadula ndi lezala pang'onopang'ono mpaka ndinapeza polimba, pobiriwira mkati. Kwatsala kachidutswa ngati chala changa chachikulu, ndi masamba awiri. Ndamanga ndi ulusi wanga womangira tsitsi. Wakuda womwewo, koma mfundo ndi yanga, si ya bwana.

Tsamba lina lakuda ndimati nditaye, ndiye ndinaona kunsonga kwake tinthu titatu tobiriwira, tili ndi timizu ngati tsitsi la khanda. Ndawayimbira a Mackson, ndimayesa matenda. Akuti ndi ana amenewo. Chikaona kuti chikufa chimaberekera patsamba. Ndisataye.

Ndakhala pansi nthawi yaitali, Maluwa ali kumsana, ndikungotiyang'ana.

Lamulungu, 13 Okutobala

Kutchalitchi sindinapite. Madamu amati abwera Lachitatu. Cha m'ma 10 foni: anyamuka kale m'mawa, apongozi awo akuwabweretsa pa galimoto. Mawu awo osangalala. "Ndasowa pakhomo panga, Ellen. Ndikafika undiikire mpando pathanki paja, ndikawauze bambo kuti mdzukulu watenga mphuno yawo."

Ndiye amalankhula nacho. M'mawa uliwonse akakhala pamenepo ndi tiyi ndimayesa akuonera nsomba.

Ndawayimbira a Mackson kuti chatsopano chija asabweretse. Mayi aja azikauza nkhani za mdzukulu chitsamba chogula ku Limbe, ine ndikukolopa pambali pawo ndili chete? Sindingathe. Akuti, "Mwaganiza bwino? Akakuthamangitsani?" Ndati ingobwerani inuyo, mudzawauze ndi pakamwa panu kuti tiana iti tikula, kuti ndi chomwechija cha bwana. Ine ndi Sitandade 6 yangayi sangandikhulupirire.

Zovala zathu ndamanga m'chitenje, zili kuseri kwa chitseko. Mpando ndaika pathanki.

Madamu ayimbanso. Adutsa pa Mdeka, ali pa Lirangwe akugula tomato, akufunsa ngati anyezi alipo. A Mackson akuti minibasi yawo ikadali pa siteji, sinadzaze.

Maluwa wagona. A Mackson, tsikani mukwere njinga yamoto, chonde. Fikani iwo asanalowe pageti.