Dengu la aNashawa Lidzafika pa Tebulo la Khonsolo

Kwa Bambo Jonah Miti, ana ndi abale onse a ku Chipangali, komanso kwa anthu a mu Chipata,

Ife a bungwe la amalonda la Tisamale Misika Yathu tadzidzimuka ndi kusweka mtima pomva za imfa ya wachiwiri kwa wapampando wathu, Mayi Mainess Miti, amene tonse tinkawatchula kuti aNashawa, omwe atisiya atangodwala nthawi yochepa. Maso athu akuthamangirabe pa benchi lawo la mtedza ndi nyemba, lomwe tsopano lavundikiridwa ndi saka.

Atapuma pa ntchito ya uphunzitsi ku Tamanda, mayiwa anabwera mumsika ndi choko chili m'magazi, moti aliyense wogula kwa iwo ankachoka ndi mtedza pamodzi ndi phunziro. Anaphunzitsa amayi a Chigwirizano a kumpingo kwawo kusoka zikwama za zitenje zakutha, ankatsogolera kufukula ngalande zotsekeka dzinja lisanafike, ndipo anatikhazika pamodzi Asilamu ndi Akhristu mpaka tinayamba kuyankhula chimodzi. Koma ntchito imene anaiika pamtima koposa inali yopempha khonsolo kuti igwiritse ntchito mphamvu zake poletsa m'misika yathu timatumba topyapyala ta pulasitiki, tija timati majumbo, togwira ntchito kamodzi n'kutayidwa.

Nkhondoyi inayambira m'khola lawo lomwe. Ng'ombe yawo yolimira inafa mvula yoyamba itangogwa, ndipo poitumbula anapeza m'chifu mwake chibulumwa cha majumbo chachikulu ngati dzungu. Abale anati chikatayidwe kudzala. Koma mayiwa anachitsuka, kuchiyanika, n'kuchiika mu dengu, ndipo kuchokera pamenepo panalibe msonkhano umene anapita opanda dengulo. Ine ndine wogulitsa nyama, zibulumwa zotere ndaziona zambiri m'mimba mwa ng'ombe ndi mbuzi, koma munthu wolimba mtima kukachikhazika pamaso pa akuluakulu ndinamuona mmodzi yekha.

Ndikukumbukira tsiku lina pa msonkhano mkulu wina atagwira mphuno n'kunena kuti, "Amayi, chotsani ichi, chinunkha."

ANashawa anayankha mosakweza mawu: "Chinunkha zoona, atate. Ng'ombe yanga inayenda nacho m'mimba mpaka kufa. Imwe mungalephere kukhala nacho mpaka titsirize kukamba?"

Dengulo silinachoke pa tebulo, ndipo tsiku limenelo anthu anamvetsera.

Sitibisa kuti ngakhale pakati pathu alipo amene akuopa lamulo loletsa majumbo limene tikupemphali. Ogulitsa matimati ndi kapenta akuti kasitomala akasowa jumbo adzapita kwina, ndipo mantha awo ndi omveka. Mayi Miti sankawanyoza anthu amenewa. Ankakhala nawo pa benchi, kuwaonetsa kukulunga ndi pepala, n'kuwasiyira chikwama chimodzi kuti ayesere. Mwezi wa mawa makhansala akhala pansi kukambirana pempho lathu, ndipo amene amayenera kutiyankhulira anali aNashawa. Tamva kale manong'onong'o akuti nkhaniyo ikwiriridwa nawo limodzi, ndipo mawu amenewa atipweteka kwambiri.

Dzulo pa siwa, Bambo Miti, munanditengera pambali, misozi ili m'maso, n'kundipatsira dengu lija. Munati, "A Kasimu, ichi sichilowa m'manda. Anzanu aNashawa anati mukachiike pa tebulo la khonsolo." Talilandira ndi manja awiri.

Potsata zofuna za banja, tikupempha onse obwera kudzapepesa kuti ufa ndi ndiwo mutengere m'mabeseni, m'madengu kapena pa nsalu, ndipo nkhata zoika pamanda zikhale za maluwa enieni, chifukwa malemuwa ankanena kuti mbuzi zodya kumanda nazonso zili ndi eni ake.

M'dzina la mamembala onse, akulu ndi ang'ono, ndikupereka chipepeso chochokera pansi pa mtima kwa inu Bambo Miti, kwa ana ndi adzukulu, ndi kwa mpingo umene wataya mzati wake. Mulungu amene anatibwereka mayiwa akulimbitseni mawondo m'masiku ovutawa, ndipo awalandire kumalo a mpumulo.

Tsiku la msonkhano likadzakwana, mpando wawo udzakhala wopanda munthu, koma dengu lidzakhala pa tebulo. Wina akadzati likununkha, tidzamuyankha monga anatiphunzitsira.

Kasimu Ndembo
Wapampando, Tisamale Misika Yathu
Chipata