Mipando ibwerere m'nyumba

Lachinayi madzulo, ku Sinda. Lero mtima sunakhale m'malo.

Kadontho ka Yohane sikanasunthebe. Mlongo wangayu amaphika m'boti la matanga panyanja yamchere ku Mozambique. Laputopu ya m'botimo ndiyo imawalozera njira ndi kumene mphepo ikuchokera. Imatumizanso pamene afika, ine n'kumaona kadontho kofiira pafoni yanga. Chiyambire Lolemba kaima malo amodzi, uthenga palibe.

M'mawa ndinawaonetsa amayi. Pochokera kusukulu masana ndinapeza azimayi a kutchalitchi atakhala chete pakhonde, azakhali akutulutsa mipando m'nyumba monga timachitira pamaliro.

"Azakhali, wamwalira ndani?"

"Si akuti boti laima pakati pa madzi? Tikonzeretu, mwanawe."

Ndinapsa mtima. Ndinawauza zimene Yohane anandiuza asananyamuke, kuti mabatire akatha, kapena madzi amchere akalowa mu laputopu, kadontho kamaima koma boti limayendabe. A m'botimo amangotulutsa mapu apepala. Azimayi aja anapemphera n'kubalalika. Mipando ndinabweza ndekha.

Titatsala awiri, amayi anandifunsa motsitsa mawu kuti, "Iweyo ukuzikhulupirira zimene wanenazi?" Ndinati inde, osawayang'ana.

Dzuwa likulowa ndinakweranso pachulu kukasaka netiweki. Kadontho kali pomwepo.

Mpando umene amakonda Yohane ndausiya pafupi ndi chitseko. Ndikudziuza kuti ndauika apo kuti akadzabwera adzafikirepo, osati kuti usadzavute kutulutsa ngati mawa...