Usipa wa ku Malaysia

Achemwali anga okondedwa,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu. Kuno ku Leicester tilipo, kungoti bondo lija layambanso kuwawa ndi kuziziraku.

Loweruka mwana wanu Tadala anandikokera ku lesitilanti ya anthu a ku Malaysia, komwe amakonda kudya ndi mnzake wa kusukulu. Operekera zakudya anatibweretsera mpunga wophika ndi kokonati pa tsamba la nthochi, pambali pake mtedza wokazinga ndi tinsomba touma. Achemwali, tinsombato ndi usipa wathu womwewu. Mwana amene amatseka mphuno ndikamakazinga usipa munanditumizira uja anadya ndi manja mpaka kunyambita zala.

Ndinamufunsa kuti, "Nanga si womwewu umaukana kunyumba?" Anandiyankha m'Chingerezi kuti uwu ndi wina, sununkha. Ndinangomwa madzi.

Kumukalipira ndayesa, kumunyengerera ndayesanso. Chonde mumuimbire foni Lamlungu, mwina inu mayi ake aakulu angakumvereni. Usipa wina musatumize kaye. Woyamba uja ndikudyabe ndekha, nditatsekula mawindo.

Mulungu akusungeni nonse.

Ndine mng'ono wanu,
Esinati