Chitseko cha a Kamwendo

Lachiwiri, Julayi 1997, ku Kaliyeka.

Kunja kwazizira, koma mtima wanga uli m'malo. Lero ndazulitsa chitseko cha chipinda chimene a Kamwendo, mphunzitsi wopuma uja, amachita lendi. Ndinawauza kalekale kuti asamuke, chifukwa mwana wanga Yohane akukwatira. Iwo ankangozengereza.

Ndinawapeza pakhonde, wailesi ili kukhutu. Akuti, "Amayi, mwamva? Azungu atumiza kagalimoto ku Mars. Si kutaya ndalama kumeneku ayi. Dzikoli lidzadzaza ngati Kaliyeka yemweyu, zidzukulu zathu zidzasowa pokhala."

Ndinati, "Abambo, wosowa pokhala ndinu. Tsogolani mukazigwirire malo zidzukuluzo. Kumeneko kulibe landilodi."

Azimayi a pampopi anaseka mpaka kugwira nthiti. Kenaka Yohane anabwera ndi hamala. A Kamwendo anazimitsa wailesi, n'kumugwirira chitsekocho kuti chisamugwere. Zimenezo ndiye zandinyansa kwambiri.

Chitseko chili pansi pa bedi langa. Iwo atchinga pakhomo ndi thumba la feteleza, ndipo ndikuwamva akutsokomola. Paja amati ku Mars kumazizira koopsa. Ayambe kuzolowera. Mawa ndikawapeza akadalipo, malata nawo...