Nkhope yanu akukulungira nyama ku Thambani

Amayi, kodi mukudzuka bwanji uko munapitako?

Kuno ku Kanduku tilipo, kungoti ndikulemba mlomo uli wotupa, dzino limodzi lakutsogolo palibe. Ndifika pamenepo, musandifulumizitse. Paja munkati ine nkhani ndimayamba ndaizungulira kaye ngati nkhuku yofuna poikira.

Mdzukulu wanu Alinafe wachira, mwana ndi wamkazi, tamutcha dzina lanu. Manachesi abereka mpaka nthambi kuthyoka. Mbuzi yamawanga ija fisi anaigwira, anatisiyira nyanga zokha.

Tsopano imvani. Mukukumbuka tsiku lija ndinaitana Dikisoni, wojambula wa pa Boma, kuti adzakujambuleni musanafooke? Munamanga duku lobiriwira, n'kukhala pansi pa mtengo wa manachesi, dengu pamiyendo, mukuseka chifukwa mbuzi inkamutafunira lamba wa chikwama. Ndinamulipira tsiku lomwelo. Anatulutsa buku, akuti dindani apa agogo. Ndinadinda chala, ndimvekere ndi lisiti. Tizilembo tachizungu tinali m'munsimo ngati nyerere, sindinafunse. Chithunzicho chilowereni inu m'manda chagona chafufumimba m'sutikesi. Tinagwirizana pamaliro kuti palibe wochiona mpaka tsiku lovundukula chiliza.

Lachiwiri lapitalo ndinapita kumsika ku Thambani kukagula nyama ya mbuzi yoti Alinafe amwe msuzi. Wanyamayo anang'amba pepala pa kalendala, n'kukulunga, n'kundipatsa. Magazi atayamba kulowerera, ndinaona diso likundiyang'ana. Ndinafunyulula. Ndinu, amayi. Duku lomwe lija, dengu lomwe lija, magazi akuyenderera pamano anu. Pansi pake alemba kuti, "Feteleza uyu ndiye anandilemeretsa." Inuyo, amene munkati feteleza ndi mchere wootcha munda, mpaka kufa mukuthira manyowa a mbuzi.

Nyama ija ndinam'menya nayo kumaso wanyamayo, fupa linam'cheka pamphumi. Iye akupukuta magazi amvekere, "Agogo, ndalakwanji? Makalendalawa akugawa ulere kusitolo ya mbewu, adzaza boma lonse."

M'mawa mwake ine ndi achimwene a Lufeyo tinakwera pikapu mpaka pa Boma. Dikisoni tinam'peza mu situdiyo mwake akutafuna chingamu. Ndinam'yalira pepala lamagazi lija patebulo.

"Agogo," akutero, "inu munagula pepala lija muli nalo kunyumba. Chithunzi chenichenicho ndi changa, chili mu kompyutamu. Ndinajambula ndine."

Ine ndimvekere, "Nkhopeyo unabereka ndiwe?"

Anaseka. "Mukudandaula chani? Malemuwo pano ndi selebu."

Amayi, ndodo yanga inanyamuka yokha. Yoyamba inatera pakhutu, yachiwiri pazala pamene ankatchinga, ndinamva kuti thwa. Anandikankha, ndinakagwera pakona ya tebulo, dzino n'kuzuka. Ndili pansi pomwepo ndinam'gwira mwendo n'kumuluma pakatumba ndi mano otsalawo, sindinasiye mpaka m'kamwa mwanga munadzaza magazi, kaya ake kaya anga. A Lufeyo, ndi msana wawo wopindika uja, ananyamula chitsulo choimikira magetsi n'kuswa galasi lonse la zithunzi. Akwati a eni ake, ana a ubatizo, onse anali mbwee pansi, anthu akupondaponda pobwera kudzaleretsa. Mayi wina wogulitsa nthochi ankakuwa kuti onjezerani agogo, nafenso anatikhomapo pachikwangwani.

Kupolisi Dikisoni anabwera ndi buku lija, khutu atamanga bandeji. Wapolisi wamkazi anawerenga pang'onopang'ono, n'kundimasulira.

"Mayi, apa munavomera kuti akhoza kugulitsa chithunzichi kwa aliyense. Chala ichi ndi chanu?"

Ndinachiyang'ana chidindocho. Chinali ndi kamzere ka chipsera chija ndinadzicheka ndi chikwakwa ndili mtsikana. Ndikanakana bwanji?

"Tsiku lina mukamajambulitsa," anatero, "muzinena poyamba kuti ichi ndi cha pakhomo basi, ndipo zilembedwe, wina akuwerengereni."

Ndiye kuti amene anakugulitsani ndine, amayi. Ndinakutengerani wojambula pakhomo, ndinakumangitsani duku, ndinadinda ndekha. Dzino silikundipweteka ngati zimenezi.

A Lufeyo anagona m'selo masiku awiri. Achibale a Dikisoni ndi athu anakhala pansi, mlandu unathera pomwepo: ife tikonza galasi, iye afufute chithunzicho ine ndikuona. Anadina kamodzi, munazimiririka. Koma akuti za makalendala alibe nazo mphamvu, anagulitsa kale kwa eni feteleza ku Blantyre, ndipo iwo anasindikiza mulu.

Choncho ntchito yanga tsopano ndi yoyenda. Ndimalowa m'magolosale, m'zigayo, m'malo ogulitsira tiyi, ndikakupezani pakhoma ndimakuchotsani. Ena amandipatsa mwaulemu akamva kuti ndinu amayi anga. Ena amati agogowa mutu sukuyenda. Dzulo wometa tsitsi pa Thambani anakana, akuti kalendala ndi yake. Ndinangom'tsegulira mlomo aone pamene panali dzino, n'kugogoda ndodo pansi kawiri. Anakwera pabenchi n'kuchotsa yekha. Pamene ntchentche zakudetsani ndimapukuta ndi nsonga ya chitenje.

Woyendetsa kabaza wina wandiuza kuti wakuonani ku Zobue, tsidya la malire, mu bala, pamwamba pa mabotolo, amuna oledzera akumakulozani ndi zala. Loweruka ndikuphika mbatata za kamba, ndiwoloka. Simugonanso mmenemo sabata ina, ndalumbira, ngakhale andizule mano onse.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Esinati